KUWERENGA MWAI: MMENE MLIMI ANGADZIWIRE MBEU YACE ASANABZALE

Mwezi wa Okutobala ukafika, dzuwa litakula ndi mitengo itaphuka masamba atsopano, alimi amayamba kutsitsa mbeu imene anaipacika kudenga kapena kuisunga m'nkhokwe. Ambiri amangoiyang'ana ndi maso, naona kuti njere nzazikulu ndi zoyera, nakhutira. Mvula ikagwa abzala. Patapita mlungu umodzi ndi theka munda uoneka ngati m'kamwa mwa nkhalamba: pano pamera, apo palibe. Pamenepo mwini munda ayamba kunenera mbewa, nkhwali, ngakhale mnzace wa m'malire. Pamene akupakiza, mvula yoyamba yapita kale, ndipo cimanga copakizaco sicidzalingana ndi cinzace kufikira pokolola.

Zoonadi mbewa ndi nkhwali zimaba. Koma kawiri-kawiri colakwa cimakhala m'mbeu momwemo, imene inafa kale iri m'nkhokwe cifukwa ca cinyezi, kutentha kapena anankafumbwe. Njere yakufa ndi yamoyo zifanana pamaso. Palibe munthu angatenge njere imodzi nanena motsimikiza kuti iyi idzamera. Komatu aliyense wodziwa kuwerenga kufikira 100 angathe kudziwa kuti mwa njere zace zonse zidzamera zingati. Nzeru imeneyi akatswiri a masamu amaicha kuwerenga mwai.

MWAI NCIANI?

Pa kulankhula kwa masiku onse mwai ndi cinthu cogwera munthu mosayembekezera, monga kutola ndalama panjira. M'masamu liuli liri ndi tanthauzo lina. Mwai ndiyo nambala yonena kuti cinthu cimacitika kangati mwa nthawi zingati.

Mai wina athire m'licero nyemba 100, zoyera 80 ndi zofiira 20, nazisakanize bwino; kenaka mwana atsinzine natole imodzi. Palibe adziwa imene mwanayo adzatola. Koma popeza nyemba iriyonse ingathe kugwera m'zala zace mofanana ndi zinzace, mwai wakuti atole yoyera ndi 80 mwa 100, ndiko kunena kuti 8 mwa 10. Mwai wakuti atole yofiira ndi 20 mwa 100, kapena 2 mwa 10. Ana a sukulu amalemba 8/10 kapena 0.8, ndipo pa wailesi amati 80 peresenti. Zonsezi ndi cinthu cimodzi.

Mwai sungapitirire 100 mwa 100, pakuti pamenepo cinthuco ncosalephera, monga kutola nyemba yoyera m'licero la zoyera zokha-zokha. Sungatsikenso kupyola pa 0, monga kufuna yakuda m'licero lomwelo. Ndiponso mwai wa kucitika ndi mwai wa kusacitika, akauphatikiza, ukwana 100. Wodziwa umodzi wadziwanso unzace pongocotsera.

Masamu amenewa sanabadwire m'munda iai, anabadwira pa juga. M'caka ca 1654 akatswiri awiri a ku France, Blaise Pascal ndi Pierre de Fermat, analemberana makalata pofuna kudziwa mmene ochova juga angagawanire ndalama masewera atalekezedwa pakati. Koma nambala sisamala mwini wace, ndipo kwa mlimi igwira nchito yabwino koposa imene inayambira.

KUYESA MBEU

Nyemba za m'licero zioneka mtundu wace ndi maso. Njere zamoyo ndi zakufa sizitero. Cifukwa cace mlimi ayenera kuzifunsa njerezo, ndipo njira yace ndi iyi. Kukatsala milungu itatu kuti mvula iyambe, atape mbeu pang'ono pamwamba pa thumba, pang'ono pakati ndi pang'ono pansi. Ngati matumba ali ambiri, atape m'thumba liri lonse. Asakanize zotapazo, kenaka awerenge njere 100 monga momwe zibwerera m'dzanja, osasankha. Apa ndi pamene ambiri amadzinyenga okha. Dzanja la munthu liri ndi tsankho, limathamangira njere zazikulu ndi zowala. Koma kumunda zidzapita zonse, zokongola ndi zonyasa zomwe, ndipo mayeso a njere zosankhika anena za njere zosankhikazo cabe, osati za thumba lonse.

Njere 100 zija azindandike pa ciguduli conyowa, mizere 10 ya njere 10, aziphimbe ndi ciguduli cina conyowa, naziike pamthunzi posafika nkhuku ndi makoswe. Aziwaza madzi tsiku ndi tsiku kuti ciguduli cisaume, koma asacimize m'madzi, pakuti njere nayo ifuna mpweya. Mcenga wa kumtsinje woikidwa m'beseni lakale ugwiranso nchito yomweyo. Cimanga aciwerenge patapita masiku 7. Nsawa zicedwerapo, aziyembekeze masiku 10. Awerenge zokhazo zimene zatulutsa muzu ndi mphukira yomwe, zonse zamphamvu. Njere yongotupa, kapena yotulutsa kamuzu kopunduka, aiwerengere kwa zakufa.

Zikamera 80, ndiye kuti mwai wa kumera wa njere iriyonse ya m'thumbamo ndi 8 mwa 10, ndipo mwai wa kufa ndi 2 mwa 10.

Wina angafunse kuti, kuvutikiranji ndi njere 100 pamene 10 zikwanira? Yankho lace nlakuti nambala yaing'ono imanama. Mwacitsanzo, thumba likhale ndi mbeu yofooka, imene mwai wace weni-weni ndi 6 mwa 10. Masamu aonetsa kuti mwa alimi 6 oyesa njere 10 zokha za thumba limenelo, mmodzi adzaona njere 8 kapena kuposerapo zitamera, ndipo adzapita kumunda wokondwa ndi mbeu yoipa. Koma poyesa njere 100, mwai wakuti mbeu yofooka cotere ionetse 80 zomera sufika ngakhale pa kamodzi mwa 10,000.

Munthu wina anacionetsa ici ndi manja ace. John Kerrich, mphunzitsi wa masamu wa ku Johannesburg, anali paulendo ku Copenhagen pamene asilikari a Germany analowa m'dziko la Denmark m'caka ca 1940, ndipo anatsekeredwa m'msasa. Pokhala ndi nthawi yambiri, anaponya ndalama yacitsulo m'mwamba nthawi 10,000, nalemba mbali imene inaoneka pamwamba nthawi iriyonse. Poyamba manambala anali kusokera uku ndi uku. Koma pomariza mbali ya mutu inaoneka nthawi 5,067, ndiko kupitirira theka pang'ono cabe. Lamulo limeneli, lakuti kuwerenga kukaculuka nambala imayandikira mwai weni-weni, analitsimikiza kale ndi masamu Jacob Bernoulli wa ku Basel, m'buku lace losindikizidwa m'caka ca 1713 iye atamwalira.

Ngakhale zitero, njere 100 sizilasa pa nambala imodzi-modzi nthawi zonse. Mbeu ya 80 mwa 100 ikayesedwa kawiri, lero ingaonetse 76, mawa 84. Pafupi-fupi nthawi 19 mwa 20 nambala idzagwera pakati pa 72 ndi 88. Cotero mlimi woona 78 ndi mnzace woona 82 asatsutsane za amene ali ndi mbeu yopambana, pakuti kusiyana kotereku nkwa mwai cabe. Ncifukwa cace nyumba zoyesera mbeu zimayesa njere 400, magulu anai a 100. M'Zambia nchito imeneyi iri m'manja mwa bungwe la Boma la Seed Control and Certification Institute, limene likulu lace liri ku Chilanga. Koma mbeu yogulidwa caka catha nigonera m'nyumba iyesedwenso, pakuti cikalata ca pa thumba cinena za nthawi imene inayesedwa, osati za lero.

NJERE ZINGATI PAPHANDO?

Phindu lalikulu la nambalayi lioneka pa funso limene mabanja amakangana nalo caka ndi caka, lakuti paphando pagwe njere zingati.

Munda ukhale wa mapando 1,000, ndipo mbeu ikhale ya 8 mwa 10. Mlimi akaponya njere imodzi paphando, mapando ngati 200 adzakhala opanda kanthu. Akaponya ziwiri, phando likhala lopanda kanthu pokhapo njere zonse ziwiri zitafa. Njere yoyamba ifa pa mapando 200. Mwa mapando 200 amenewo, yaciwiri ifanso pa 2 mwa 10 alionse, ndiwo mapando 40. Akaponya zitatu, mwa 40 aja yacitatu ifa pa 8 okha. Ili ndilo lamulo la kuculukitsa: mwai wakuti zinthu ziwiri zicitike pamodzi upezeka poculukitsa mwai wa coyamba ndi mwai wa caciwiri. 2/10 kuculukitsa ndi 2/10 ndi 4/100. Kuculukitsanso ndi 2/10 ndi 8/1,000.

Ena amalakwa apa pophatikiza, nati njere imodzi 80, njere ziwiri 160. Yankho limenelo lidzitsutsa lokha, pakuti palibe mwai wopitirira 100. Njira yolunjika ndiyo kuyamba ndi mwai wa kufa, kuuculukitsa, ndi kuucotsa pa 100 pomariza: 100 kucotsapo 4 itsala 96. Mapando 96 mwa 100 adzakhala ndi mmera.

Tsono mlimi aone bwino cimene njere zoonjezera zimgulira. Njere 1,000 zaciwiri zipulumutsa mapando 160. Njere 1,000 zacitatu zipulumutsa 32 okha, ndipo zacinai zipulumutsa 6 kapena 7. Pali nchito inanso imene ibisala kuseri kwa manambalawa. Pobzala ziwiri-ziwiri, pa mapando 640 zimera zonse ziwiri, pa 320 imera imodzi, pa 40 palibe. Pobzala zitatu-zitatu, pa mapando 512 zimera zonse zitatu. Ngati mapando ali ofupikirana, mmera woculukawo ufuna kupatulira, ndipo ukasiyidwa ulimbanirana cakudya ndi dzuwa nubereka timagwagwa. Mwambo wakuponya njere zinai kapena zisanu paphando, ngati kuti mbeu njaulere, ungotaya mbeu ndi thukuta.

Manambalawa asintha ndi mphamvu ya mbeu. Mbeu yabwino ya 95 mwa 100 isiya mapando 50 okha mwa 1,000 ngakhale ibzalidwe imodzi-imodzi, ndipo njere yaciwiri ingakhale yongoononga. Mbeu ya 5 mwa 10 isiya mapando 500 pa njere imodzi, 250 pa ziwiri, ndi 125 pa zitatu. Munda wace udzakhala wamaanga-maanga zivute zitani. Mbeu yotere kuli bwino kuipititsa kucigayo ndi kufuna ina nthawi ikalipo. Koma ngati inapakidwa mankhwala, monga mbeu ya m'sitolo yoonekera mtundu wofiira kapena wobiriwira, isadyedwe ndi munthu, nkhuku kapena nkhumba, pakuti mankhwalawo ndi ululu.

Pa munda weni-weni manambalawa akula. Lima imodzi, ndiyo gawo limodzi mwa magawo anai a hekitala, ikakhala ndi mizere yotalikirana masentimita 90 ndi mapando otalikirana masentimita 25, ipereka mapando ngati 11,000. Mbeu ya 8 mwa 10 yobzalidwa imodzi-imodzi isiya mapando 2,200 opanda kanthu, ndiko kunena kuti gawo limodzi mwa magawo asanu a munda lalimidwa ndi kupaliridwa pacabe. Wofuna mapesi 11,000 agawe 11,000 ndi 0.8, ndipo apeza kuti afuna njere 13,750. Angathe kuzilowetsa pofupikitsa mapando kucokera pa masentimita 25 kufika pa 20.

PAMENE LAMULOLI LILEPHERA

Lamulo la kuculukitsa liri ndi msampha umene wakola ngakhale ophunzira. Ligwira nchito pokhapo tsoka la njere imodzi lisakhudzane ndi tsoka la inzace. Pa ciguduli zimatero, pakuti njere iriyonse ifa kapena kumera payokha. M'munda muli adani amene apha njere zonse za phando nthawi imodzi. Mbewa ikafukula phando siidya njere imodzi ndi kusiyira mlimi inzace.

Mbewa ndi nkhwali zifukule phando limodzi mwa 10 alionse. Mwa mapando 1,000, okwana 100 apita, kaya munali njere zingati. Mwa 900 otsala, pobzala ziwiri-ziwiri, 36 akhala opanda kanthu cifukwa ca mbeu yakufa. Onse pamodzi 136, osati 40. Pobzala zitatu-zitatu akhala ngati 107. Ngakhale mlimi athire njere 10 paphando, nambala sidzatsika kupyola pa 100, wangonenepetsa mbewa. Mankhwala a vuto limeneli ndi misampha, kulambula chire la m'mbali mwa munda ndi kukwirira bwino. Cimodzi-modzinso kubzala mozama kwambiri, kugunditsa feteleza pa njere, ndi ng'amba yobwera mbeu itangotupa: zonsezi zikantha phando lonse, ndipo kuonjezera njere sikuthandiza.

Mfundo yomweyi ikhudza minda yathunthu. Ngati mwai wakuti cimanga cipse ndi dzuwa pa malo ena ndi 2 mwa 10, munthu wa minda itatu ya cimanga yobzalidwa mlungu umodzi asaculukitse nati mwai wakutaya yonse ndi 8 mwa 1,000. Minda itatuyo iri pansi pa thambo limodzi, ndipo mwai wace ukhalabe pafupi ndi 2 mwa 10. Anthu anaziona izi pa cirala ca 1991 ndi 1992, naziona kaciwiri pa cirala ca 2023 ndi 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti dziko lagwa m'tsoka, cimanga ca mahekitala pafupi-fupi 1 miliyoni mwa mahekitala 2.2 miliyoni obzalidwa citaonongeka. Cimene cicepetsa mwai wa njala ndico kukhala ndi zakudya zimene sizifera tsiku limodzi: cinangwa, mapira ndi mawere, zopirira dzuwa koposa cimanga, dimba la kudambo, mbeu yoca msanga pambali pa yocedwa. Nazonso zimamva cirala, koma sizigwa zonse pamodzi monga minda itatu ija.

MWAI SUKUMBUKIRA DZULO

Pali cinyengo cina cimene cimakhala m'mutu mwa munthu aliyense. Ng'ombe ikabala ana amphongo katatu motsatana, mwini wace amati tsopano wacinai ayenera kukhala wamkazi, ndipo ena amakana kuigulitsa poyembekezera zimenezo. Koma mimba ya ng'ombe siwerenga ana akale. Pa bere liri lonse mwai wa mwana wamkazi uli pafupi ndi theka, monga ndalama ya Kerrich. Kubala amphongo atatu motsatana sikudabwitsanso: theka kuculukitsa ndi theka kuculukitsanso ndi theka ndi 1 mwa 8. M'mudzi wa ng'ombe zazikazi 40 zimene zabala katatu, ngati 5 zidzakhala zitabala amphongo okha-okha, popanda wozilodza.

Momwemonso mau akuti malo akuti-akuti amaona cirala kamodzi pa zaka zisanu satanthauza kuti cirala cimadikira caka cacisanu. Atanthauza kuti caka ciri conse ciri ndi mwai wa 1 mwa 5. Powerenga ngati kuti caka ciri conse ciima pacokha, mwai wakuti zaka zisanu zipite popanda cirala ndi pafupi-fupi 1 mwa 3, ndipo mwai wakuti zaka ziwiri zikubwerazi zonse zikhale za cirala ndi 1 mwa 25. Nambala imeneyi njaing'ono, koma si 0. Mlimi wogulitsa cimanga conse ca m'nkhokwe poti cirala cinapita caka catha, cotero sicingabwerenso, waika banja lace pa juga.

A zanyengo akanena pa wailesi kuti mwai wa mvula mawa ndi 60 peresenti, tanthauzo lace nlakuti mwa masiku 10 a maonekedwe otere mvula imagwa pa masiku 6. Ikapanda kugwa sananame, tsikulo linali limodzi mwa masiku anai otsala aja. Woyanika nsawa pabwalo aziwerenga manambala onse awiri.

Nyengo ya mudzi wace mlimi angaiwerenge yekha monga awerengera njere pa ciguduli. Asunge kope, nalembemo caka ndi caka tsiku limene mvula yoyamba yolowa pansi inagwa, tsiku limene anabzala, ndi masiku amene ng'amba inakhala pambuyo pace. Akapeza kuti mwa zaka 10 mvula ya kumayambiriro kwa Novembala inatsatidwa ndi ng'amba yopha mmera zaka 4, adziwa kuti kuthira mbeu yonse pa mvula imeneyo nkoopsa, ndipo angabzale gawo limodzi la munda nasunga mbeu ina kufikira mvula itakhazikika. Koma zaka 10 ziri ngati njere 10, nzocepa. Cotero aphatikize kope lace ndi makope a anzace a m'midzi yoyandikana amene anayamba kulemba kale, afunsenso mlangizi wa malimidwe za manambala a mvula amene analembedwa pa boma kapena pa sukulu imene iri ndi coyesera mvula.